Khola Lopanda Bowo

Telala ankadana ndi bowo. Akaona kabowo pa malaya a munthu wodutsa mumsewu, zala zinkamuyabwa mpaka munthuyo atakhota. Ndiye musadabwe ndi zimene mayiyu anachita atayamba kuweta nkhuku.

Si kuti ankalakalaka mazira ayi. Nkhukuzo anaziyamba chifukwa cha bambo ake. Chimwalirireni akazi awo, bambowo, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu, ankangokhala pampando m'chipinda chochezera, maso ali pakhoma, tiyi akuzizira m'kapu. Telala ankapita kushopu yake yosokera m'mawa, madzulo n'kuwapeza ali pomwepo. Zinkamuopsa, chifukwa ankaona kuti munthu akutha ali moyo. Ndiye anaitana kalipentala, amene anakhoma kakhola kuseri kwa nyumba, pakati pa mpopi ndi chingwe choyanikira zovala: matabwa m'munsi, waya m'mbali, malata pamwamba, ndi khomo loti munthu alowe chowerama. Kenako anabwera ndi katoni ya anapiye makumi awiri ndi asanu, oswedwa dzulo lake.

"Bambo, ine ndimaswera kuntchito. Tianapiyeti tifa mukapanda kutiyang'anira."

Bambowo anasuzumira m'katonimo nthawi yaitali. "Apaulendo onsewa mpando umodzi?" anafunsa. Aka kanali koyamba kuseka chichitikireni maliro.

Kuyambira tsikulo anapiye anasanduka apaulendo. Bambo anasamutsira kampando kawo m'khola, pamodzi ndi wailesi. Ankasintha utuchi, kutsuka zomwera, ndi kudzudzula aliyense wokankha anzake pa chakudya. Nawonso anayamba kudya bwino.

Sabata isanathe kunagwa chisanu, cha mphepo ndi mawawa. Anapiye anaunjikana pakona, ndipo awiri anafa. Bambo anawakwirira okha pansi pa mpanda, n'kubwerera pampando wa m'chipinda chochezera uja. Chakudya sanachikhudze. Telala atawaona maso ali pakhoma, mtima unamuwawa, mantha aja n'kubwerera onse.

Aneba anamuuza kuti anapiye amafuna moto, aike mbaula ya makala m'kholamo. Anamvera. Koma telala ndi telala. Atayang'ana wayayo anangoona mabowo okhaokha, mazanamazana, onse akulowetsa mphepo. Anatutira kunyumba zidutswa zonse za kushopu, za makatani, za masuti, ndi lona wakale, n'kusoka chophimba khola lonse, nsalu ziwiri kuphatikiza. Mpata wa pansi pa malata anautseka ndi nsanza. Pakhomo anaikapo zipi yaitali ya chikwama. Inali ntchito yooneka bwino, tisanamizane. Ngakhale udzudzu ukanafuna kulowa ukanayamba wagogoda.

M'mawa mwake anadzaza makala m'mbaula, n'kuilowetsa. Bambo analowa ndi wailesi yawo, akusisita manja.

"Aaa, muno ndiye mwafunda! Tseka, mwana wanga, mphepo ingatilowere."

Telala anakoka zipi kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kunyamuka kukagula katemera wa chitopa.

Wogulitsa zakudya ndi mankhwala a nkhuku anali bambo wankhani zambiri, amene aliyense ankangomutchula kuti a Madeya. Panali mzere, ndipo a Madeya sankagulitsa kanthu osayamba afotokoza mbiri yake. Nthawi ya Telala itakwana, anatulutsa foni monyadira.

"Taonani khola langa. Anzanu a matabwa angathe zimenezi?"

"Khola kapena diresi la ukwati?" anaseka a Madeya. Anayandikitsa foniyo kumaso, kuseka kuja n'kutha. "Mpweya ukulowera pati apa, mayi?"

"Palibe polowera. Nkhani yake ndi yomweyo."

"Nanga anapiye mukuwafunditsa ndi chiyani?"

"Mbaula."

"Ili mkati? Motseka chonchi?" A Madeya anaika foniyo patebulo. "Mayi, makala m'malo otsekedwa amatulutsa mpweya wakupha. Suoneka, sununkha. Umangomva katulo kokoma, basi osadzukanso. Thamangani mukatsegule, apo ayi mukapeza anapiye onse ali gada."

Telala anagwira manja kumutu.

"Musalire, anapiye tiitanitsa ena," anatero a Madeya.

"Muli bambo anga," anatero. "Ndawatsekera ndine."

A Madeya analumpha matumba a chakudya n'kutulukira pamsewu, akukuwira wa njinga yamoto. Telala anaimba foni ya bambo ake. Inaitana, inaitana. Ankadziwa bwino pamene inali: pa shelefu m'chipinda chochezera, pamene inkakhala masiku onse. Anaimbira aneba, foni yawo inali yozimitsa.

Panjinga paja anagwira jekete la woyendetsayo ngati aling'ambe. Zipi ija anaikoka nthawi yanji? Anali asanatsuke makapu. Kenako anadutsira kushopu kukapereka siketi ya kasitomala, n'kucheza naye za mabatani. Za mabatani! Kenako mzere wa kwa a Madeya. Maola awiri, mwina kupitirira.

"Fulumirani, bambo, chonde!"

"Mayi, msewu ukuterera. Tikagwa sitifika."

Pa mphambano panaima lole yodzaza njerwa, ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati dziko ndi lake. Telala anatseka maso. Anayamba kuyenda ndi maganizo msoko uliwonse wa chophimba chija, kufunafuna pamene mwina analakwitsa, pamene ulusi unaduka, pamene singano inalumpha. Moyo wake wonse anali asanapemphepo kuti ntchito yake ikhale ndi chilema. Tsikulo anapempha, koma sanapeze. Ngodya zonse anazibwereza kawiri.

Anatsika njinga isanaime bwino. Kuseri kwa nyumba kunali zii. Masiku onse anapiye ankamveka munthu ali pageti, koma tsopano kunkangomveka wailesi, munthu akuwerenga zanyengo.

"Bambo! Bambo!"

Zipi inatseguka bwinobwino, osakodwa. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Anapiye anali mbwee pa utuchi, timiyendo m'mwamba. Bambo anali atagwa pakampando paja, atagona chammbali, nkhope ili pansi pafupi ndi ngodya ya kumpanda, chipewa chili poteropo.

Anawagwira m'khwapa n'kukoka, koma anali olemera ngati thumba la simenti. Wa njinga uja anawerama n'kugwira miyendo. Anawagoneka pa udzu wonyowa, mawawa akuwagwera kumaso. Telala anawamasula mabatani, anawagwedeza, anawaitana ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire. Anaika tsaya pamphuno pawo. Sanamve kanthu koma kugunda kwa mtima wake womwe.

"Akupuma," anatero wa njingayo. "Taonani pachifuwa. Ndikukaitana galimoto."

Chifuwacho chinakwera pang'ono, n'kutsika. Patapita kanthawi bambo anatsokomola, anasanza, n'kutsegula maso ofiira. Anayang'ana mwana wawo, kenako khomo la khola, kenako tinthu tachikasu tili mbwee mkatimo.

"Zaka makumi atatu sindinagonepo pa chiwongolero," anatero motsitsa. "Lero ndagona. Ndapha apaulendo ako, mwana wanga."

Apa ndi pamene Telala analira, kulira kokweza kopanda manyazi. "Si inu, Bambo. Ndine. Ndasoka ndine!"

Kuchipatala anawaika pa mpweya, n'kunena kuti agone konko masiku awiri. Namwino anati zikanachedwa pang'ono bwenzi nkhani ili ina, ndipo anadabwa kuti munthu wamkulu chonchi anapirira bwanji maola onsewo.

Yankho Telala analipeza masana, atabwerera kudzatenga bulangete ndi zovala. Analowa m'khola kuti atole anapiye akufa. Pa ngodya ya kumpanda, pomwe panali nkhope ya bambo ake, anamva kulira kofooka. Anapiye anayi anali atapanikizana pamenepo, milomo ili pa nsalu. Anawasuntha. Khoswe anali ataboola lona ndi katani yemwe, pofuna chakudya cha anapiye, n'kusiya bowo losaposa chala chachikulu. Kamphepo kozizira kankalowa pamenepo.

Anagwada pa utuchi akuliyang'ana. Linali bowo lonyansa, lam'mbali monyenyeka, ulusi uli lendelende, ndipo zala zinayamba kumuyabwa monga mwa masiku onse.

Foni inalira. Anali bambo, pa foni ya namwino.

"Watsala ndi mmodzi yemwe?"

"Anayi, Bambo."

"Anayi," anabwereza bambowo. "Uwapatse madzi. Uwauze kuti dalaivala akubwera."

Telala anaika foni pansi. Analowetsa zala ziwiri m'bowo muja, kenako manja onse, n'kukoka mpaka msoko wake wobwereza kawiri unang'ambika kukafika kumalata.