Ufa wa Phala wa Abambo a Mapasa

Mapasa a Lazarus ndi Eliza anayamba kutupa mapazi mvula itangoyamba kugwa. Anali ana a chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, mnyamata Chimango ndi mtsikana Chifuniro. Poyamba anthu a m'mudzimo, chakumtunda kwa Nsipe, ankati ana anenepa. Koma kunenepa kwake kunali kwachilendo. Tsitsi linafiira n'kuyamba kusosoka, khungu la m'miyendo linkasupuka, ndipo ana aja anasiya kusewera. Ankangokhala pamphasa ali ndwii, osasekerera ngakhale bambo awo awaombere m'manja.

Eliza anawasiyitsa kuyamwa pamene anadwala malungo n'kufooka kwambiri. Kuyambira pamenepo chakudya chawo chinali phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira kamchere. Kusikelo anasiya kupita nawo katemera atatha.

Lazarus anali mkamwini pamudzipo. Tsiku lina akuchokera kumunda, a Gibson, amalume ake a Eliza, anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini, ife si ana ayi," anatero a Gibson. "Mwana akatupa chonchi ndi tsempho. Munakagona ndi mkazi wina, n'kubwera kudzanyamula ana muli wotentha m'thupi. Ululani kuti tidziwe pogwira."

"Amalume, ine sindinayendepo njira imeneyo chikwatirireni."

"Nanga pa Nsipe mumaswera paja mumakatani?"

"Ndimakagulitsa mbewu. Eliza akudziwa."

Anayang'ana mkazi wake amene anakhala chapatali, koma Eliza anangowerama. Zimenezi zinamupweteka Lazarus kuposa mawu a amalume.

Anapita nawo ana aja kwa sing'anga. Kumeneko Lazarus anauzidwa kuti awasambitse mankhwala ndi manja ake, ndiponso awamwetse ena owawa. Anachita zonse, ngakhale mumtima ankadziwa kuti sanalakwe, poganiza kuti mwina ana achira. Masabata anapita. Kutupa kunakwera mpaka kumaso, ndipo Chimango anayamba kutsegula m'mimba. M'mawa wina Lazarus anamunyamula kuti amuothetse dzuwa, koma mwanayo anangotsamira pachifuwa pa bambo ake n'kutsirizika pomwepo.

Pamaliro palibe amene anakhala pafupi ndi Lazarus. Azimayi ankamuloza ndi milomo, ndipo pochoka kumanda anayenda yekha kumbuyo kwa onse.

Mawa lake kunabwera mayi Janeti, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, kudzapepesa maliro. Atalowa m'nyumba anaona Chifuniro ali pamiyendo pa mayi ake. Anamugwira phazi n'kudina ndi chala. Atachotsa chalacho, panatsala kadzenje kosabwerera.

"Mwana uyu apite kuchipatala lero lomwe," anatero mayi Janeti. "Akagona pano masiku ena awiri mukumbanso manda."

"Amayi, awa ndi matenda a m'mudzi," anayankha a Gibson ali pakhomo. "Mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafa."

"Abambo, ana otupa chonchi ndawaona ambiri. Ena mwa iwo bambo awo anamwalira anawo asanabadwe. Anawatsempha ndani? Thupi la mwanayu likusowa zakudya zokulitsa, n'chifukwa chake ladzaza madzi."

Lazarus anali asanatsutsepo a Gibson chibwerereni pamudzipo. Tsiku limenelo anaimirira, natenga nsalu, namubereka yekha Chifuniro kumbuyo.

"Amalume, mmodzi ndamuika dzulo chifukwa chomvera. Uyu ndikupita naye. Mlandu wangawo mudzazenge ndikabwera."

Anauyamba ulendo wa kumsewu. Asanafike patali anamva mapazi kumbuyo. Anali Eliza, kachikwama kali pamutu. Anakwera minibasi mpaka ku Boma.

Kuchipatala anawagoneka m'chipinda cha ana onyentchera. Masiku oyamba Chifuniro ankangomwa mkaka wapadera pang'onopang'ono, ndipo madzi atayamba kuphwa anatsala mafupa okhaokha. Pambuyo pake anayamba kumupatsa chiponde. Kenaka anayamba kutambasula yekha dzanja kuti alandire.

Tsiku lina namwino anasonkhanitsa makolo panja kuti awaphunzitse kuphika phala la ana. Mwamuna analipo Lazarus yekha.

"Abambo, kwanu mumalima chiyani?" anafunsa namwinoyo.

"Chimanga, soya, mtedza ndi nyemba."

"Soya ndi mtedzawo zili kuti?"

"Ndinagulitsa kwa mavenda pa Nsipe titangokolola. Ndinangosiya zambewu."

"Nanga nkhuku muli nazo?"

"Zilipo. Mazira timagulitsanso."

Namwino sanamudzudzule. Anangotenga ufa wa mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga, naphika phala lolimbirako, nathiramo nsinjiro ndi timasamba ta nkhwani tosinja. Anafotokoza kuti ufa woyera umangodzaza mimba, koma mwana amakula ndi zakudya zakasinthasintha, komanso kuti kuyamwitsa kuyenera kupitirira mpaka zaka ziwiri.

Lazarus anachoka pagulupo n'kukakhala kuseri kwa khitchini. Anakumbukira matumba a soya amene anakankha panjinga kupita nawo kumsewu, Chimango akumuyang'ana ali pakhonde ndi kapu ya phala lamadzi. Analira kuposa mmene analirira kumanda. Eliza anabwera n'kukhala pambali pake.

"Abambo a mapasa, ndinakukayikirani," anatero. "Ndinkaopa amalume, komanso ndinkafuna wina woti ndimuloze chala. Mundikhululukire."

"Tonse tinali mumdima, amake mapasa. Chakudya chinali m'nyumba momwemo."

Chifuniro anatuluka m'chipatala akukwawa. Atafika kumudzi, Lazarus anatenga soya yemwe anatsala pobzala, namukazinga, namupeta, nakagayitsa pamodzi ndi chimanga chosakonola, mbale zinayi za chimanga pa mbale imodzi ya soya. A Gibson sanabwere kudzapepesa. Anangosiya kuitchula nkhani ija. Mwana anayamba kudzaza masaya, tsitsi lakuda linamera, ndipo pofika nthawi yokolola anali akuyenda.

Amayi oyandikana nawo anayamba kubwera ndi timbale kudzapempha ufa. Ambiri ankati alibe soya, ena ankati nthawi yokazinga ndi kupita kuchigayo imawasowa. Lazarus anakauza mayi Janeti zimene zinali mumtima mwake.

"Amayi, chaka chino soya wanga sapita kwa mavenda. Ndikufuna ndizipanga ufa wa phala la ana, ndizigulitsa m'timapaketi ting'onoting'ono toti aliyense akwanitse. Zimene ndinaona ine, wina asazione."

"Maganizo abwino," anatero mayi Janeti, "koma chakudya cha ana si cha masewera. Chimanga ndi mtedza muzisankha bwino, chilichonse cha chuku muzitaya. Muziyanika pathandala, osati pansi. Nsinjiro muziika padera chifukwa siichedwa kuwonongeka. Mukalembetse kukhonsolo, ndipo azaumoyo abwere adzaone pamene mukupangira. Chinanso, mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi azingoyamwa basi. Mayi wa mwana wotere musamugulitse ufawu. Ndipo musamanene kuti ufa wanu ndi mankhwala. Mwana wotupa kwake ndi kuchipatala."

Lazarus anatsatira zonsezo. Sizinali zophweka. Amuna anzake akamupeza akusankha mtedza palichero ankaseka kuti mkamwini anadyetsedwa. Ulendo wina chimanga chinachita chinyezi, ndipo anataya thumba lonse mtima ukuwawa. Masiku ena ankabwerako pa Nsipe atagulitsa timapaketi tiwiri tokha. Ndipo nthawi zonse Chifuniro akathamangira kudzamuchingamira, chimwemwe chake chinkabwera ndi chisoni, poti anayenera kuthamanga awiri.

Pang'onopang'ono mbiri inafala. Tsiku la sikelo Lazarus ndi Eliza ankayala tebulo lawo panja pa mpanda wa chipatala cha m'deralo, ndipo ufa unkatha dzuwa lisanafike pamutu. Amene analibe chogulira, Eliza ankawafotokozera kapangidwe kake kuti akapange okha kunyumba. Mayi Janeti anawauza kuti m'midzi yozungulira, ana otsika sikelo ayamba kuchepa.

Tsiku lina mayi wina wachilendo wobereka mwana, atagula paketi yake, anamuyang'ana Lazarus modabwa.

"Abambo, amuna anzanu amagulitsa mbatatesi ndi makala. Inu munaganiza bwanji za phala la ana?"

Lazarus anamanga kukamwa kwa thumba, kenaka anayankha motsitsa mawu.

"Amayi, ndinaika mwana m'manda nkhokwe yanga ili ndi chakudya. Mwana wanuyo muzimuphikira lolimbirako, ndipo kusikelo musamadumphitse."

Makolo, kutupa kwa mwana si tsempho ayi. Ndi chizindikiro choti thupi lake likusowa zakudya zoyenera, ndipo mwana wotere athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Tikakolola soya, mtedza ndi nyemba, tiyambe tapatula za ana athu tisanaganize za msika.