Penti Wosauma

"Ikani pansi!" Bertha anakuwa, koma a Victor anali atachinyamula kale chithunzicho, chala chawo chachikulu chitadinda pa tsaya la mayi wojambulidwayo. Atachotsa chalacho, tsaya linali litafufutika.

"Kani n'chosauma?" anatero, akupukutira penti pa buluku.

Eliot, mwamuna wa Bertha, anali ali m'manda kale, koma penti wake anali asanaume. A Victor, akulu ake a malemuwo, anabwera kuchokera ku Nsanje kudzaika maliro, ndipo tsopano ankatulutsa katundu m'kashedi ka kuseri kwa nyumba ku Bangwe.

Eliot ankalemba zikwangwani za masitolo ku Limbe. Imvi zitayamba kutuluka, anati watopa kujambula nkhuku ndi matumba a simenti, akufuna kudziwa nkhope ya munthu, ya penti wa mafuta. Mphunzitsi wake anamupatsa tsamba la kalendala yakale: mayi wachizungu wamakedzana atafunda nsalu yakuda, ntchito ya katswiri wina amene anafa kalekale. Anamuuza kuti akopere nkhopeyo ndi penti. Loweruka lililonse Eliot ankadzitsekera m'kashedimo, kufufuta n'kuyambiranso, mpaka tsiku limene anagwa pa makwerero ali pa ntchito, osadzukanso.

Bertha ankadana naye mayi wa pa kalendalayo. "Pitani kwa akazi anu aja," ankatero akaona mwamuna wake akutsuka maburashi. Eliot ankangoseka.

"Alamu, izi n'zotaya," a Victor anatero. "Inu tikupita nanu kumudzi. Mwambo wathu mukuudziwa. Mkazi wamasiye angatsale yekha m'tauni muno?"

"Ndamva, alamu. Koma chithunzichi chiyambe chauma."

"Chiuma liti?"

Bertha anangoima pakati pa mlamu wake ndi chithunzicho.

Pakhomo panamveka odi. Anali mkulu wina wowonda, wovala kofia, amene anati ndi a Kalimu, mphunzitsi wa Eliot. Uthenga unawapeza mochedwa ali ku Mangochi. Atapepesa maliro, anawerama n'kuyang'anitsitsa tsaya lija.

"Penti wa mafuta safulumira, bambo," anauza a Victor. "Mwezi ukhoza kutha."

A Victor anapukusa mutu, n'kutuluka kukaimba foni.

"Mungakonze pofufutikapo?" Bertha anafunsa.

"Ndikakonza ine, sichikhalanso chawo." A Kalimu anatembenukira kwa Bertha. "Malemu anakuuzani chimene ankavutikira chonchi?"

"Ine ndinkangowanyoza."

"Posachedwapa anandifunsa kasakanizidwe ka penti wa khungu lakuda. Ndinati, malizani kaye uyu. Iwo anati, uyu ndikungophunzirirapo, kuti ndikafika pa mayi a kunyumba dzanja lisandichititse manyazi."

Bertha anagwira pakamwa. Kulira kwa pamaliro kuja kunali kwa pagulu, kothandizana ndi amayi a mpingo. Uku kunatuluka kopanda mawu, kochokera m'mimba.

A Kalimu anasuntha thabwa lalikulu limene linatsamira khoma pafupi ndi zenera. Kuseri kwake kunali mpando watsopano wopanda vanishi, wokhomedwa ndi munthu woti si kalipentala, mwendo umodzi atauchirikiza ndi kachidutswa ka katoni. Kotsamira msana anamangirirako pilo ndi chingwe cha nayiloni.

"Ndinawauza kuti wojambulidwa amakhala nthawi yaitali osasuntha," a Kalimu anatero. "Anati msana umakuvutani, pa benchi simungapirire."

Kunja a Victor ankakalipa pa foni, akunena za galimoto ya ku Nsanje. Bertha anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anapita pazenera paja n'kukhala pampandopo mosamala. Pilo uja anafika penipeni pamene pankapweteka.

Anakonza duku lake, anaika manja pamiyendo, n'kutembenuzira nkhope kumene Eliot akanaima.