Loko pa Ngalande ya a Hilario

Madzi anadzaza ngalande yaikulu mpaka m'milomo, koma onsewo ankapita kumpoto. Pangano lakale limati pa zaka zisanu zilizonse dziko lipereke gawo la mtsinje kwa Amereka, ndipo zaka zisanuzo zinali zitatsala ndi milungu itatu kuti zithe. Choncho kunabwera lamulo loti zipata zonse zolowetsera madzi m'minda ya alimi zitsekedwe mpaka madzi atakwana kumalire.

Yesenia anafika pachipata cha bambo ake dzuwa lili paliwombo. Tsabola wawo anali atayamba kuyoyola maluwa. Amene anagwada pamenepo akukulunga tcheni anali Efraín, woyang'anira zipata, yemwe Lamlungu likudzalo anayenera kubwera ndi makolo ake kudzamufunsira ukwati. Miyezi iwiri yathunthu Yesenia ankalilota tsikulo ali maso: iye atabisala kukhitchini, mtima uli phaphapha, akumvetsera bambo ake akuvomera.

"Wamanga bwino, mnyamata," anatero bambo akewo, a Hilario, atatsamira fosholo. "Azungu akugulira chipewa."

"Ndi ntchito, bambo. Si ine ndinasaina panganolo."

"Bambo ako ndani? Unkasambira muno uli mbulanda, lero ukunditsekera ine?"

Yesenia anayandikira n'kutsitsa mawu. "Efra, maola awiri okha. Mizere yakumunsi ija basi. Aone ndani?"

"Kumalire kuli choyezera, Yesi. Madzi akatsika ngakhale chala chimodzi amadziwa, kenako amabwera kudzayendera maloko. Iyi ili ndi nambala yanga."

"Ndiye ukuopa nambala."

"Ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Ndikakukwatira tizidzadya chiyani?"

"Nanga ife tidya chiyani, pangano?"

Efraín anakanikiza loko, inalira kuti kwatya, kiyi anaponya m'thumba la malaya.

M'chigwa chimenecho munthu wotsegula chipata amadya chakudya cha mwini munda, ndipo tsikulo linali Lachitatu, tsiku la a Hilario lothirira. Yesenia anali atanyamula matotiya, timikate topyapyala ta chimanga toikamo nyemba ndi tchizi, pakansalu, monga ankachitira Lachitatu lililonse, osaganiza n'komwe. Efraín nayenso sanaganize. Anapukuta manja pathalauza n'kutambasula dzanja.

A Hilario anaseka mopanda chimwemwe. "Taonani. Watseka, ndipo akufuna adye."

Dzanja lija linaima m'malere. Yesenia analiyang'ana, dzanja lomwe ankalidziwa chala ndi chala, tsopano lili dzimbiri lokhalokha la tcheni. Anadikira. Efraín akanangoti "ndili nawe", kapena kupisa m'thumba muja, iye akanamukhululukira zonse pomwepo. Koma mnyamatayo ankangoyang'ana kansalu, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

Yesenia anamasula mfundo n'kukutumulira zonse m'ngalande yaikulu. Matotiya anazungulira kamodzi, madzi n'kuwatenga.

"Zipite kumpoto nazonso. Ukawauze kuti taonjezera."

"Yesi, usatero. Mayi agula kale maluwa a Lamlungu."

"Ubwere ndi kiyi," anatero Yesenia. "Apo ayi maluwawo akawaike kutchalitchi."

Efraín anayang'ana a Hilario, koma iwo anali atatembenuka kale, akulowa m'mizere youma. Mnyamatayo anakwera njinga yake yamoto. Yesenia anaima pomwepo akumvetsera ngati ingabwerere. Inakazimira pachipata cha a Eusebio, oyandikana nawo, ndipo posakhalitsa anamva tcheni china chikukokedwa pachitsulo.