Bokosi Lochokera ku Chipani

Lole inabwera kudzatenga tenti tsiku lachiwiri a Alexio Mbewe ataikidwa m'manda, azimayi asanamalize n'komwe kutsuka miphika ya pamaliro. Faines, mwana wawo woyamba, anaima pakhomo tsache lili m'manja, akuyang'ana anyamata akuzula zitsulo. Popinda tentiyo, nsalu ya chipani yomwe anayala pamwamba inagwa, ndipo pansi pake panaoneka dzina la kampani, zilembo zikuluzikulu ngati za pasitolo.

"Amalume," anaitana Faines, "kodi tentiyi si ya chipani?"

A Yoswa, mlongo wa mayi ake, anali pampando pansi pa mtengo wa mango, mutu uli psi ndi lumo la m'mawa womwewo. Anayankha osatembenuka.

"Chipani, kampani, n'chimodzimodzi mphwanga. Dzuwa silinakuwotcheni, basi thokozani."

Kampani imeneyo ndani sankaidziwa ku Chisepo? Feteleza ndi wawo, soya amagula ndi iwo, shuga ndi sopo n'zawo, ngakhale malole onyamula zonsezo ndi awonso. Chaka china wailesi inalengeza kuti kampaniyo yapereka mamiliyoni mazanamazana ku chipani cholamula, paphwando la ku Lilongwe pomwe mbale imodzi ya mpunga inkagulidwa mtengo woposa ng'ombe. A Alexio atamva anangoseka. Anati, "Ndipo kuseri apatsanso otsutsa. Amadyetsa ng'ombe zonse ziwiri, kuti iliyonse yomwe ikoke ngolo, katundu akhale wawo."

Sipanathe miyezi itatu, zinamveka kuti kampaniyo ikufuna dambo lonse la kumunsi kwa mudzi kuti imange damu lothirira esiteti yake. Omwe ankabwera ndi mapepala sanali a kampani ayi, anali a chipani. Anthu anadinda zala mmodzimmodzi, wina atalonjezedwa malata, wina ntchito ya ulonda. Kunatsala dimba limodzi lokha, lapakati penipeni pomwe pali kasupe, ndipo popanda kasupeyo damu likanangokhala dzenje la achule.

Dimbalo linali la a Nabanda, mayi a Faines, lowasiyira amayi awo. A Alexio anali mkamwini chabe, wochokera kumapiri a Ntchisi, ndipo akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo. Koma pamsonkhano uliwonse ndi iwo ankaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Ayi, ifeyo sitidinda." Ankadziwa kuti akazi awo akakana okha, mudzi uwadya amoyo. Choncho mkwiyo wonse anausenza iwo. Dzina lawo linasowa pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo zaka zitatu zotsatizana. Pamowa ankawatchula kuti wotsutsa, pomwe munthuyo chipani chake chinali khasu.

Ndiye taonani zodabwitsa! A Alexio atamwalira kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, chipani chomwecho chinabweretsa bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide, galimoto, tenti ndi matumba a ufa. A Reinford, gavanala wa chipani m'deralo, analankhula kumanda mpaka adzukulu anatopa n'kukhala pamakasu awo. Anati chipani sichitaya ana ake, ngakhale osochera. Anthu anawomba m'manja, abale, pamaliro!

A Reinford omwewo ndi amene tsopano anatsika kutsogolo kwa lole. Anafika pamphasa pomwe a Nabanda anakhala ndi mpango wakuda kumutu, nanjuta mwaulemu.

"Pepani mayi, pepani ndithu. Mulungu ndiye mwini zonse."

"Zikomo bambo," anayankha a Nabanda. "Mwatichotsa manyazi."

A gavanala anadzuka, nasasa fumbi pabondo, natembenukira kwa a Yoswa. Anatsitsa mawu, koma sanatsitse mokwanira.

"Anyamata oyeza malo ayamba kale m'mawa uno. Tomato amene alimoyo muthyole sabata ino, thirakitala ikubwera Lolemba."

Tsache linagwa m'manja mwa Faines. A Nabanda anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Achimwene, akunena tomato wa kuti?"

A Yoswa anayang'ana nkhuku zomwe zinkatola madeya pabwalo. "Tikambirana alendo akapita, mlongo."

"Ayi, tikambirane alendo ali pompano. Tomato wa kuti?"

"Ndinadinda," anatero a Yoswa, mawu akutuluka mokalipa ngati olakwiridwa ndi iwo. "Ee, ndinadinda! Lachitatu, panja pa chipatala, pepala lili pamwamba pa galimoto. Mumafuna nditani? Matenda anadya mbuzi zonse, anadya ndi njinga yomwe. Mtembo uli gone, galimoto palibe, bokosi palibe. Alamu anga tiwakulunge mumphasa, anthu a ku Ntchisi akuona? Akanati chiyani za mbumba yathu?"

"Mukanandifunsa."

"Namfedwa amafunsidwa? Inu munali m'nyumba mukulira. Mwambo ndi umenewo, zapanja amayendetsa ndi mwini mbumba, ndipo mwini mbumba ndine."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka. Pamaliro namfedwa salankhula. Amamukhazika pamphasa, amamupatsa phala, amamuuza kuti limbani mtima, zonse zikumangidwa panja. A Reinford mwambowo ankaudziwa bwino. Zaka zitatu analephera kudutsa pa munthu wamoyo, ndiye anangodikira masiku atatu omwe mkazi wake sakanatha kutsegula pakamwa.

Faines anafika pafupi ndi a gavanala.

"Tengani ufa wanu wotsalawo. Za galimoto ndi bokosi ndibweza ine, ngakhale zinditengere chaka. Pepalalo libwere."

"Chemwali, musapse mtima," anatero a Reinford mofatsa, ngati akulangiza mwana wa sukulu. "Pepala lili ku Lilongwe. Ife sitinagulitse kanthu, tinangothandiza pamavuto. Nanga bokosi limabwezedwa? Lili pansi, muli bambo anu."

"Inuyo ndi a chipani kapena a kampani?"

"Chitukuko n'chimodzi, chemwali. Iwo amatithandiza, ife timathandiza inu."

"Ndiye ife timathandiza ndani?"

A gavanala anangomwetulira, nayang'ana wotchi yawo.

A Nabanda anaimirira. Azimayi omwe ankatsuka miphika anasiya, manja ali ndi phulusa. A Nabanda sanakuwe ayi, analankhula ngati munthu wotopa.

"Zaka zitatu bambo a Faines akulima chimanga chopanda feteleza. Zaka zitatu akutukwanidwa chifukwa cha dimba lomwe silinali lawo n'komwe. Inu achimwene munkakhala kumbuyo pamisonkhano, duu, mlamu wanu akukuimirirani. Lero mwawagoneka m'bokosi logulidwa ndi dimba lomwelo. Ndipo ine chitsiru ndinalisisita bokosilo, ndinati koma amuna anga apita mwaulemu. Ndangothokoza kumene pano, nonse mwamva. Ndikanadziwa, ndikanawakulunga ndekha mumphasa iyi, akanagona bwino. Mwandipweteka, achimwene. Imfa sinandipweteke chonchi."

A Yoswa anagwira mutu wawo wometa uja, nawerama.

Lole inalira, inanyamuka ndi tenti yake ndi a gavanala ake, fumbi lili koboo mpaka m'miphika yotsukatsuka.

Namfedwa sayenda kumunda masiku oyambawa, koma a Nabanda anamanga chitenje n'kulowera njira ya kudambo, ndipo palibe anayerekeza kuwaletsa. Faines anawatsatira. Anadutsa madimba a anzawo omwe anali atamera kale thengo, mipanda itagwa. Kudimba kwawo anapeza zikhomo zopaka utoto wofiira zitakhomedwa mumzere, china chili pakati penipeni pa bedi la mpiru.

Chiyambire matenda, a Nabanda anali asanafike kumapeto kwa dimbalo, kuseri kwa nthochi. Mwezi wa Juni, a Alexio atafooka moti khasu linkawakanika, ankatenga ndodo masana n'kunena kuti akukawombedwa mphepo. Ankabwerako mochedwa, mawondo ali matope, akazi awo n'kumawakalipira.

Kuseri kwa nthochiko kunali mzere wa timitengo ta mapeyala, tofika m'bondo, totsatira malire onse mpaka kukasupe. Kalikonse kanali kotchingidwa ndi minga kuopa mbuzi, patsinde ataphimbira udzu. Pambali pa kamtengo komaliza panali mbale yakale yachitsulo, yopindika m'mphepete chifukwa chokumbira, ndipo m'dothi louma munali maenje awiri a mawondo.

"Mapeyala amabereka patapita zaka zingati, amayi?" anafunsa Faines.

"Zisanu ndi ziwiri."

"Thirakitala ikubwera Lolemba."

A Nabanda anagwada, nalowetsa chala pansi pa udzu wa patsinde, napeza dothi lauma gwa. Anasuzumira pansi pa nthochi, natulutsa kheni yothirira, naipereka kwa mwana wawo.

"Katunge madzi, mwanawe. Papita sabata osathirira."