Phale M'thumba la Cephas

Ndiye kuti phale n'lofunika kuposa munthu — phale, chibenthu cha mphika wa anthu osadziwika ngakhale dzina, alizunguliza chingwe chofiira, pamene bambo ake a Cephas, malemu a Sailesi, amene anathyola fodya pafamu yomweyi mpaka msana kupindika, agona kunja kwa chingwecho kudikira buludoza. Cephas anabaya fosholo m'dothi ngati akubaya munthu.

Anamulemba ganyu yokumba maziko a nyumba zatsopano kuno ku Seke, kudziko la olankhula Chishona, ndipo lamulo lati asanamange, akatswiri a zinthu zakale ayambe afufuza malowo. Afufuzadi, sabata yathunthu atagwada ndi timaburashi, kusisita dothi ngati khanda. M'mawa uno Cephas anatengera mmodzi wa iwo pansi pa muwanga pamene pagona bambo ake, namuonetsa mbale yachitsulo imene mayi ake anaiboola ndi msomali tsiku la maliro, n'kuivundikira pamtumbira.

"Izi n'zaposachedwa, mukoma," anatero katswiriyo, kumutchula achimwene m'Chishona. "Ife timateteza zakale."

Zaposachedwa! Ufulu unabwera, mbendera inasintha, koma wobwera, amene eni dziko amamunyoza kuti mubhurandaya, ndi mubhurandaya basi, ali moyo alibe kwawo, atafa alibe manda — komanso, komanso iwe Cephas, mayi sanakuuze kangati kuti uwake simenti pamenepo? Unkati mawa, mawa, uli pamowa kubhawa ku St Mary's, kuyankha Chishona kuti anzako asakuseke. Ukukwiyira yani?

Masana, akatswiri aja akudya mabanzi m'galimoto mwawo, Cephas analumpha chingwe. Phale lija tsopano lili m'thumba, lakuda, lokhala ndi timizere tapakhosi, likumukanda ntchafu poyenda. Akalikwirira pambali pa mtumbira, n'kuitana kuti bwana, taonani china, chingwe chidzasuntha, buludoza idzalambalala. Akamugwira, ganyu yatha, mwina n'kupolisi komwe. Ndipo bambo aja, amene sanabepo ngakhale chitsononkho, mpaka liti adzabisala kumsana kwa akufa a eni dziko, ngati mmene ankabisira chilankhulo chawo m'basi?

"Iwe Cephas, kasika!" anakuwa kapitawo Obadiah, kumufulumizitsa m'Chishona. Kuseri kwake injini ya buludoza inatsokomola, utsi wakuda n'kukwera.

Anagwada pansi pa muwanga, nakumba ndi zala. Atatukula mbale ija, dzuwa linalowa pabowo lake n'kugwera padzanja lake, kadontho kamodzi kowala, kosaphethira, ngati diso la bambo ake.