Chigitala cha Valdemar

A Funsani anali atanola kale nkhwangwa pamene Ofélia anatulukira pakhomo.

"Bambo aakulu, mukufuna kutani nacho?"

"Kuchiboola, mwanawe. Mbale ya bambo ako ndi kapu taboola kale. Zinthu za munthu zimakagona pamtumbira pake, ndipo chosaboola akuba amatola."

Chinthucho chinali chitatsamira matumba a kachewere, chachitali kuposa a Funsani eni ake. Malemu Valdemar, mng'ono wawo, ankachitcha kontirabasho, koma pa Ntengo-Wambalame chinali chigitala basi. Anachiliza moyo wake wonse m'magulu a jazi ku Beira ndi ku Maputo, ataima kumbuyo kwa anzake. Kumudzi ankamuseka kuti ena akulima, iye ntchito kukumbatira thabwa.

"Não, bambo aakulu, sizitheka. Chabwera pa chapa, minibasi ija, chitakhala pampando ngati munthu."

"Iwe umadziwa kuchiliza?"

Ofélia anazolika. Sankadziwa.

"Nanga tisungire yani? Chizingomulira mwini wake m'nyumba?"

Mtima wa Ofélia unawawa.

Apo ndi pamene anafika a Rute, mlongo wa malemu, mayi amene anabadwa osamva. Anaona nkhwangwa, anaona chigitala, napukuta manja pachitenje. Anachiimika, navula mpango. Kenaka anagunditsa chipumi pathabwalo, natsinzina, nakoka chingwe chake chachikulu ndi chala.

Mawu ake anatulukira pansi penipeni. Ofélia anawamva m'mimba asanawamve m'makutu. Amayi otsuka miphika kuseri anasiya. A Rute anakoka chingwe china, chinanso, dzanja lamanzere likukwera ndi kutsika, ndipo inali nyimbo ndithu, yoyenda mosafulumira ngati ng'ombe zobwerera kukhola.

"Kodi ameneyu anaphunzira liti?" ananong'ona a Funsani, nkhwangwa ataitsitsa pansi.

Panalibe wodziwa. Anthu anangokumbukira kuti Valdemar akabwera kudzacheza ankasowa masana onse, ali m'nyumba ya mlongo wakeyo, azibambo pamowa n'kumamujeda kuti tauni yamupatsa matama.

A Funsani anayandikira mwamantha. A Rute anawayang'ana, naona kuti akumvera ndi makutu okha. Anatambasula dzanja, nawagwira pankhongo mofatsa, monga Valdemar ankawagwirira iwo powaphunzitsa, nagunditsa chipumi cha achimwene awo pathabwa, pafupi ndi chawo.

Kenaka anakokanso chingwe.