Ambulansi ya ku Corby

Ndinali nditameta tsaya limodzi la bambo ake a Mapopa pamene mwanayo analowa, osavula ndi nsapato zomwe.

"Mami, valani jekete. Pali galimoto ndikufuna mukaione."

"Sukuona ndili ndi lezala m'manja?"

"Wina akubwera kudzaiona masana. Chonde."

Chichewa cha Mapopa ndi chobwereka, mawu atatu athu, achinayi achizungu. Koma chonde ameneyo anamutchula bwino. Anandionetsa foni. Chinali chigalimoto cha m'tchire, cha matayala aakulu ndi chibokosi kumbuyo, pambali pakuonekabe pamene anafufuta mtanda.

"Ambulansi? Wadwalanso ndani?"

"Ndikufuna ndiikonze ikhale kanyumba koyenda. Bedi, sitovu, basi. Ndizigona kuntchito ku Corby komweko, m'malo mothamangira mabasi awiri."

"Masiku angati pa sabata?"

Anayang'ana bambo ake, kenako pansi. Pamenepo ndinamva.

Panthawiyo panali patatha zaka zinayi chigwereni amuna anga, a Justus, ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu anatsala owerengeka. Ine ndinkawameta, kuwadyetsa, kuwachapira. Koma kuwanyamula, kuchoka pabedi kupita pampando, pampando kupita kubafa, pamasitepe opapatiza a nyumba za ku Highfields, kuno kudziko la azungu, inali ntchito ya Mapopa, m'mawa asanapite ku shifiti ndi madzulo akaweruka. Otithandiza ankabwera kawiri pa sabata. Masiku enawo tinali tokha. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anzake akukwatira, iye akusisita msana ngati nkhalamba. Ine wanga unatha kalekale m'mawodi.

"Nanga ine ndikatani kugalimotoko?"

"Inu mumazidziwa izi. Mukati ndi yowola, sindigula. Ndalumbira."

Ndinapukuta thovu pankhope ya bambo ake, n'kugogoda pakhoma kuitana a Safura, a nyumba yoyandikana nafe, kuti adzakhale nawo. Kenako ndinatsegula dirowa n'kutenga sikuludiraiva. Sindinama, ndinaitenga ngati mpeni. Ndinkapita kukapha galimoto imeneyo.

Wogulitsayo anali a Munaf, mmwenye wa ku Limbe, amene anabwera kuno Mapopa asanabadwe, koma Chichewa chili phaa m'kamwa. Malo awo anali kuseri kwa nyumba zosungira katundu, matope okhaokha ndi zigalimoto zakale.

"Aa, mnyamata wabweretsa loya!"

"Ndine nesi, bambo. Zaka zisanu ndi zinayi ndaperekeza odwala m'misewu ya ku Neno, amuna anga ali pa chiwongolero. Musandiuze za penti."

"Ndiye ndafa ine," anatero akuseka. "Iyi inali ya pamgodi wa miyala, mayi. Moyo wake wonse yangokhala chiimire kudikira ngozi. Onani mtunda, sinayende."

"Ambulansi imakalamba ili chiimire. Injini imangolira, mita ya mtunda ili du."

Ndinayala chitenje pamatope n'kugwada. Ndinagogoda chasesi, chitsulo chapansi chonyamula galimoto yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, monga ankachitira a Justus tikamalandira galimoto yatsopano kuchipatala, ndikumvetsera kulira kwa chitsulo. Chitsulo chowola chimayankha ngati chikatoni chonyowa. Ichi chinkangoti ngwe, ngwe. Masipiring'i sanagone. Pansi pa injini panalibe dontho. Ndinauza Mapopa kuti ailize, ndikupemphera kuti ituluke utsi wabuluu. Inatsokomola kamodzi, n'kuyamba kulira mosalala ngati mphaka wokhuta.

Mapopa ali kutsogoloko, a Munaf anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Mayi, ine maso ndili nawo. Munthu wogula safufuza chonchi. Inu mukusaka maliro."

Ndinapukuta sikuludiraiva pachitenje.

"Ngati simukufuna mwana achoke, ndikodoleni basi. Ndimuuza kuti wina wandiimbira, yapita. Galimoto iyi sigona pano, ndigulitsa ndithu. Ine ndinatero ndi wanga, Zain. Ankafuna za ndege. Ali mushopu mpaka lero."

"Akusangalala?"

"Ali mushopu," anatero, n'kuyang'ana kumbali.

"Sindinamalize," ndinawauza. "Tsegulani kumbuyo."

Apa ndi pamene ndinkadalira. Anthu ogula amayang'ana pansi pa galimoto, koma ambulansi imawola kuyambira m'kati. Ukatsitsa wodwala umatsuka ndi jiki, tsiku ndi tsiku, ndipo madziwo amalowa kunsi kwa kapeti yapulasitiki n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Yathu ya ku Neno inabooka pansi pa machira penipeni. Ndinkagwira diripi ya mayi woyembekezera ndikuona msewu ukuthamanga pakati pa mapazi anga.

Ndinakwera. M'katimo munali mozizira, mukununkha fumbi ndi labala. Machira anachotsa, koma njanji zake zinalipo. Mapopa anakwera pambuyo panga, ndipo kuchenjera konse kunamuthawa, anayamba kulankhula ngati mwana wa sitandade wani.

"Bedi apa, Mami. Sitovu apo. Pawindo apa kashelefu. Onani, ndikhoza kuimirira osawerama!"

Anaimiriradi, mutu utatsala pang'ono kugunda denga, manja atatambasula. Sindikumbuka kuti ndinamuona liti ataongoka chonchi. Kunyumba ankangokhala chowerama, mikono ili m'khwapa mwa bambo ake. Ndinayang'ana malo amene ankaloza. Bedi la munthu mmodzi. Mpando mmodzi.

Ndinagwada pakona ya kuchitseko, pamene madzi amakonda kudikha, ndinalowetsa sikuludiraiva n'kukanganula kapetiyo. Inamatuka movuta. Kunsi kwake kunali chibanga chofiirira, chachikulu ngati mbale.

Mtima unadumpha. Ndikunena zoona, unadumpha ndi chimwemwe.

Kenako ndinakanda ndi nsonga. Chofiiriracho chinakanganuka ngati chikhokho cha mumphika, ndipo kunsi kwake chitsulo chinawala, choyera, cholimba. Anali guluu wakale womatira kapeti. Ndinaphimba pokandapo ndi chala.

Mapopa anawerama paphewa langa. Anaona chibangacho, ndipo ndinamva mpweya wake ukutuluka wonse.

"Ndi dzimbiri, eti?"

A Munaf anali chiimire pakhomo, manja m'matumba, akuyang'ana mitambo. Sakanandiulula. Mapopa sadziwa kusiyanitsa dzimbiri ndi guluu. Chimene amadziwa n'chakuti amayi ake sanamunamizepo. Ndikanangogwedeza mutu. Osalankhula n'komwe, kungogwedeza. Tikanakwera basi kubwerera, madzulo akananyamula bambo ake monga mwa masiku onse, mawa lakenso, chaka chamawanso.

"Palibe kanthu, Mami," anatero. "Bola mwaona tisanagule." Anayamba kubwezeretsa kapetiyo ndi dzanja lake, bwinobwino, ngati akufunditsa munthu. Sanakwiye n'komwe. Akanakwiya mwina ndikanalimba mtima.

Ndinachotsa chala.

"Ndi guluu. Taona."

"Ndiye kuti…"

"Ndiye kuti ndi yabwino. Kodi ndilankhule Chitumbuka cha bambo ako kuti umve? Labala wa chitseko ndi wotha, usinthe dzinja lisanafike. Matayala akumbuyo ndi okalamba, ang'aluka m'mbali." Ndinatembenukira kwa a Munaf. "Pamtengo wanu muchotsepo matayala awiri ndi labalayo, apo ayi tikupita."

"Mayi inu mukufuna ana anga adye chiyani?"

"Adye mushopu."

Anaseka, koma kuseka kwawo kunali kwakufupi. Anagwirana chanza ndi Mapopa. Ine ndinapinda chitenje changa chamatope, osayang'ana aliyense.

M'basi Mapopa ankangolonjeza. Loweruka lililonse adzabwera. Adzafunsa za makina onyamulira odwala. Adzapeza munthu wina wa m'mawa. Ndinamuuza kuti akhale chete, mutu ukundipweteka.

Titafika, a Safura anali atawapatsa tiyi bambo ake.

"Akana kuti ndiwapukute kukamwa," anatero. "Akuti bola mkazi wawo, ngakhale wawasiya ngati munda wolima theka."

Atatuluka, ndinathira madzi ofunda m'beseni. A Justus ankandiyang'ana ndi diso lawo labwinolo. Anavutika nthawi yaitali, mlomo ukunjenjemera, mpaka liwu linatuluka.

"Cha… sesi?"

"Ili bwino, abambo. Ndagogoda paliponse."

Anatseka maso n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati dalaivala wokhutira. Sindikudziwa ngati anamvetsa zonse. Mwina anamvetsa kuposa ine.

Ndinapaka thovu tsaya lotsalalo. Koma anali atatsetsereka pampando, thupi litapendekera ku mbali yakufayo, chibwano chili pachifuwa. Munthu sungamumete ali chonchi. Ndinatsegula pakamwa.

"Mapo…"

Panja, pawindo, ndinamuona akuyendayenda m'mbali mwa msewu, foni kukhutu, dzanja linalo likujambula m'malere pamene padzakhale bedi. Ankaseka.

Ndinaika lezala m'beseni. Ndinaima kumbuyo kwa mpando, ndinatanyula miyendo, ndinalowetsa mikono m'khwapa mwa amuna anga, thovu likundipaka patsaya.

"Tiwerenga mpaka katatu, abambo," ndinatero. "Mundithandize."